Chinyongolotsi chomaliza nsomba ku Durban

Zikomo achimwene athu a ku Durban chifukwa cha kalata yanu. Mwati nsomba za m'thanki ya madzi amchere ya abwana anu zikutha imodziimodzi, ndipo usiku wina mutaunika ndi tochi munaona kamutu ka tinyanga tisanu kakusuzumira kunsi kwa mwala. Ndiye mphaka amene mukumuganizira uja mumulekeretu, alibe mlandu! Chimenecho ndi chinyongolotsi cha m'nyanja chotchedwa bobbit. Chimalowa m'thanki chikadali chaching'ono, chitabisala m'miyala yochokera kunyanja, n'kumakula mwakachetechete. Zina zimatalika mpaka mamita 3. Mu 2009, ku Blue Reef Aquarium ku Newquay, England, anachita kuphwasula za m'thanki zonse kuti apeze chinyongolotsi chotere.

Musachigwire ndi manja, chimaluma. Musachikokenso, chimaduka, ndipo chidutswa chotsalacho chingathe kukulanso. Tulutsani mwala wonsewo, muuike m'ndowa ya madzi amchere omwewo, muvundikire bwino. Okonda kuchiweta alipo ndithu, koma chimafuna thanki yakeyake ya mchenga wambiri. Kafunseni kusitolo kumene munagula miyalayo, kapena ku uShaka Marine World komweko. Kunyanja kokha musakachitaye, achimwene, poti miyalayo mwina inachokera kunyanja ina.