Utomoni wa Chamba: Mayina Ambiri, Funso Limodzi

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota. Mwana wawo ali ku Joni, ndipo akumatchula hashish, wax ndi shatter, n'kumati zimenezi n'zabwino kusiyana ndi chamba chosuta. Akufuna kudziwa kuti ndi zinthu zanji.

Zikomo mayi. Zonsezi ndi utomoni wa chamba. Pa maluwa a chamba chachikazi pamakhala tiubweya tonyezimira momwe mumadzadza THC, chinthu chomwe chimaledzeretsacho. Fumbi la tiubweyato amati kief, ndipo akaliumba limakhala hashish, yotchuka kumapiri a Rif ku Morocco ndi ku Afghanistan. Ku India ndi ku Nepal amafikisa maluwawo m'manja, chomatirira amati charas. Wax ndi shatter zabwera posachedwa: amachotsa utomoni ndi gasi wa butane, ntchito yomwe yaotcha nyumba ndi anthu ku America. Komatu mayina asakusokonezeni, chofunika ndi mphamvu yake. Chamba champhamvu cha masiku ano chimakhala ndi THC pafupifupi 20 peresenti, pomwe wax ndi shatter zimafika 60 mpaka 90. Masese ndi kachasu zonse ndi mowa, koma chipanda cha kachasu sachimwa ngati cha masese. Kafukufuku wofalitsidwa mu Lancet Psychiatry mu 2019 adapeza kuti osuta tsiku ndi tsiku chamba cha THC woposa 10 peresenti anali pa chiopsezo chodwala misala pafupifupi kasanu kuposa osasuta. Nanga 80 peresenti? Ndicho chimandidetsa nkhawa, makamaka pa achinyamata omwe ubongo wawo ukukulabe.

M'kalata yachiwiri, bambo wina wa ku Mzuzu akutsutsa: boma lidavomereza chamba mu 2020, ndipo mafuta ake amachiza, ndiye tikuopsezeranji anthu?

Bambo, mbali ina mukunena zoona. Lamulo la 2020 lidalola chamba cha mankhwala, cha m'mafakitale ndi cha kafukufuku, kwa okhawo omwe ali ndi chilolezo cha Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kukadali mlandu. N'zoonanso kuti ku America adavomereza Epidiolex mu 2018 pothandiza mitundu ina yovuta ya khunyu. Koma m'mankhwala amenewo muli CBD yosaledzeretsa, yoyezedwa, yolembedwa ndi dokotala. Kabotolo kogulidwa mobisa palibe adakayeza. Mu 2019, komweko ku America, ogulitsa mwachinyengo adasakaniza mafuta a THC opopa ndi vitamin E acetate; pofika kumayambiriro kwa 2020 anthu oposa 2,800 adagonekedwa m'zipatala mapapo atawonongeka, ndipo 68 adamwalira. Kuchokera ku chomera sikutanthauza kuti chinthu n'chosaopsa.

Tibwerere kwa inu mayi. Mwanayo akayamba kusowa tulo, kukayikira anzake kapena kumva mawu omwe ena sakumva, musadikire kuti zisiya zokha. Apite kuchipatala komwe aliko, ndipo akawauze adokotala chenicheni chomwe akugwiritsa ntchito.