Ulendo wa Katundu

Sangilo ndi mudzi wa m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi, pafupi ndi doko la Chilumba, m'boma la Karonga. Masiku ano mchere, sopo ndi shuga zimafika m'masitolo a kumeneko pa galimoto.

Kale sizidali choncho. M'chaka cha 1884, kampani ya ku Glasgow, imene anthu ankaitcha Mandala, idatsegula sitolo ku Karonga. Ku Scotland katundu ankayenda pa njanji, koma kuno njanji kudalibe. Motero kampaniyo idasintha nzeru. Pa nyanja katundu ankayenda pa sitima, ndipo pa mtunda amtengatenga ankamusenza pamutu. Pakadapanda anthu ameneŵa, malondawo sakadayenda.

Mafunso
1. Kodi Sangilo ali m'boma liti?
2. Nanga amtengatenga ankagwira ntchito yanji?