Mankhwala a Nkhawa Sagulidwa Pamsika

Nkhawa ya feteleza kapena ya fizi ya ana tonse timaidziwa, ndipo imatha vuto likatha. Koma pali ina yosachoka. Mtima umagunda kwambiri munthu atangokhala, tulo sitibwera, manja amanjenjemera ngakhale si nyengo ya chisanu cha mu Juni, mantha amangobwera popanda choopsa, mpaka miyezi. Amenewa ndi matenda. Si ufiti, si ulesi, ndipo amachizika.

Yambirani ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha Dedza, buku lanu la kuchipatala lili m'manja. Adokotala adzayamba ayeza ngati si BP kapena kuchepa kwa magazi. Ambiri amapeza bwino ndi uphungu wokha. Ena amalemberedwa fluoxetine kapena amitriptyline. Awa sagwira tsiku lomwelo: pamatha masabata 2 mpaka 6 kuti kusintha kumveke, choncho musataye mtima n'kuwasiya panjira. Abiseni kutali ndi ana, chifukwa amitriptyline akachuluka m'thupi amapha.

Ofunika kusamala nawo kwambiri ndi diazepam, amene ambiri amati Valium. Amakhazika mtima pansi msanga, ndipo msampha wake uli pomwepo. Thupi limawazolowera, piritsi limodzi limaleka kukwana. N'chifukwa chake amaperekedwa kwa masiku ochepa, osapyola masabata 4. Amene wawamwa nthawi yaitali akangowasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa ngati wakhunyu. Kuwaphatikiza ndi kachasu kapena masese kungaimitse mpweya munthu ali m'tulo.

Mankhwala asanaloledwe m'dziko muno amayenera kuunikidwa ndi kulembetsedwa ku bungwe la boma la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Ndilonso limapereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala, ndipo diazepam saloledwa kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Mapiritsi oyalidwa padzuwa tsiku la msika, pafupi ndi milu ya kachewere, kapena olowa mozemba kuchokera ku Mozambique, palibe angakutsimikizireni zomwe zili m'kati mwake. Ngakhale a mnansi wanu amene anam'thandiza, musamwe, analemberedwa iyeyo.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, nenani zimenezi adokotala asanalembe. Matenda akakula, achipatala amatumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital.

Ngati wina pakhomo panu wayamba kulankhula zofuna kudzipha, musamusiye yekha. M'perekezeni kuchipatala lero lomwe.