KUPUMA SI ULESI

M'mudzi wina munali mayi wa ana anayi. Mayiyu ankadzuka tambala woyamba akangolira. Ankayamba ndi kutunga madzi ku mjigo, kenaka kukoleza moto ndi kuphikira ana phala. Ana akapita ku sukulu, iye ankanyamula khasu, ulendo wa ku munda. Dzuwa likafika paliwombo ankabwerera kudzaphika nsima. Masana ankakhala pamsewu kugulitsa matimati ndi zitumbuwa. Pofika usiku thupi lonse linali lophwanya, koma tulo osabwera ayi. Ankangotembenuka pamphasa, uku akuganiza za ngongole, za feteleza ndi za mayunifolomu a ana.

Tsiku lina madzulo mwana wake wamkazi wa zaka 7 anapunthwa ndi kutaya mbale ya ndiwo. Mayi uja anapsa mtima kwambiri ndipo anammenya ndi mthiko. Mwanayo anakagona osadya.

M'mawa mwake mayiyo anapita kwa achemwali ake aakulu, amene anali mlangizi wa zaumoyo.

"Achemwali, ine sindikudziwa chimene chandilowa," anatero. "Mwana uja sanachitire dala. Koma masiku ano mtima wanga ukungokhala m'mwamba. Kanthu kakang'ono, ndayamba kale kukalipa."

"Mng'ono wanga, kodi unapuma liti komaliza?"

"Kupuma? Ndikapuma ana adya chiyani? Ife tidzapumira kumanda."

"Ukapitiriza choncho udzapitako msanga kumandako. Takhala pansi ndikuuze."

Zimene anakambirana awiriwa ndizo tiphunzire lero.

CHIMACHITIKA N'CHIYANI M'THUPI?

Tiyerekeze kuti mukuyenda m'njira ndipo mwakumana ndi njoka. Mtima umagunda kwambiri. Mpweya umakhala wa befu. Minofu imakungika ndipo thukuta limatuluka. Izi zimachitika chifukwa pamwamba pa impso zathu pali tiziwalo tiwiri timene timathira m'magazi mankhwala otchedwa adrenalini. Mankhwalawa amakonzekeretsa thupi kuti lithawe kapena limenyane. Njoka ikalowa m'tchire, thupi limabwerera mwakale.

Tsono vuto ndi ili: thupi silisiyanitsa njoka ndi nkhawa. Ngongole, matenda a mwana, mkangano wa m'banja ndi kuchuluka kwa ntchito, zonsezi zimadzidzimutsa thupi ngati njoka. Koma ngongole silowa m'tchire. Imagona nafe, n'kudzuka nafe. Choncho thupi limakhala lokungika usana ndi usiku. Zotsatira zake ndi mutu wosatha, kuuma kwa khosi ndi mapewa, kusowa tulo, kuiwalaiwala ndi kupsa mtima msanga. Zikapitirira nthawi yaitali zingathe kuthandizira kuti magazi azithamanga, matenda amene ambiri timangoti BP.

Mtima sitingaulamule kuti, "Tagunda pang'onopang'ono." Koma mpweya tingathe kuulamula. Munthu wamkulu akangokhala amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Akachepetsa dala, makamaka akamatulutsa mpweya mosafulumira, mtima nawo umayamba kudekha. M'Chichewa mawu oti "kupuma" ali ndi matanthauzo awiri: kukoka ndi kutulutsa mpweya, komanso kusiya ntchito kuti thupi lipeze mphamvu. Makolo athu sanalakwitse. Ziwirizi zimayendera limodzi.

YOGA N'CHIYANI?

Anthu a ku India anaganizira nkhani imeneyi kalekale. Iwo ali ndi njira yotchedwa yoga. Mawuwa ndi a chinenero chawo chakale cha Sanskrit, ndipo tanthauzo lake ndi kumanga pamodzi, monga goli limangira ng'ombe ziwiri kuti zikoke ngolo imodzi. Ng'ombe ina ikamathamanga ina ikutsalira, ngolo siyenda bwino. N'chimodzimodzi thupi ndi maganizo.

Zaka zoposa 1,500 zapitazo, munthu wina wa ku India dzina lake Patanjali anasonkhanitsa ziphunzitso za yoga m'mawu afupiafupi pafupifupi 195. Iye anatsindika kwambiri za kukhazika pansi maganizo. Njira zambiri zowongola thupi zinawonjezedwa m'zaka za pambuyo pake. M'chaka cha 1893 mphunzitsi wina wa ku India, Swami Vivekananda, anapita ku Chicago, ku America, ndipo ziphunzitso zake zinathandiza kuti yoga idziwike kunja kwa India. M'chaka cha 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 Juni kukhala tsiku lokumbukira yoga pa dziko lonse.

Madokotala nawo anafufuza za kupumitsa thupi. M'chaka cha 1929 dokotala wa ku America, Edmund Jacobson, analemba buku lophunzitsa kukunga ndi kumasula minofu. M'chaka cha 1975 dokotala wina, Herbert Benson wa ku Harvard, analemba buku losonyeza kuti munthu akakhala phee kwa mphindi 10 mpaka 20, akupuma modekha, mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo thupi limamasuka.

KODI NDI CHIPEMBEDZO?

Funso limeneli ambiri amafunsa, ndipo ndi funso loyenera. N'zoona kuti yoga inakulira m'zipembedzo za ku India, makamaka Chihindu, ndipo alipo amene amaichita ngati mbali ya kupembedza kwawo. N'chifukwa chake Akhristu ndi Asilamu ena amaikayikira. Koma m'phunziro lino tangotengako kupuma ndi kuwongola thupi basi. Mulibe pemphero la wina aliyense, mulibenso kugwadira chinthu. Munthu aliyense ali ndi mapapo ndi msana, kaya amapemphera kuti. Ngati mtima wanu ukukayikabe, kambiranani ndi atsogoleri a mpingo kapena a mzikiti wanu.

NJIRA ZINAYI ZOTI TIYESE

Simufunika ndalama kapena zovala zapadera. Mphasa kapena mkeka ndi wokwanira. Masulani lamba kapena chitenje ngati chathina. Musachite mutangodya kumene.

Njira yoyamba: kupuma ndi mimba

1. Khalani pamphasa kapena pampando, msana uli chilili.
2. Ikani dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba.
3. Kokani mpweya ndi mphuno uku mukuwerenga mumtima kuchokera 1 mpaka 4. Dzanja la pamimba ndilo likwere, osati la pachifuwa.
4. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono uku mukuwerenga mpaka 6.
5. Bwerezani ka 10.

Maganizo adzathawira ku munda kapena ku msika. Musadzikwiyire. Abwezeni ku kuwerenga, monga mmene timabwezera mbuzi yolowera m'dimba la eni.

Njira yachiwiri: kuwongola msana ngati mphaka

Onani mphaka akadzuka. Sathamanga nthawi yomweyo, amayamba wadziwongola. Mu yoga muli njira imene inatengera dzina lake kwa mphaka.

1. Gwadani, manja mutatsamiza pansi ngati mwana wokwawa.
2. Potulutsa mpweya, kwezani msana m'mwamba ngati uta, mutu uweramire pansi.
3. Pokoka mpweya, tsitsani mimba pang'ono ndi kudzutsa mutu.
4. Bwerezani ka 6, mosafulumira.
5. Pomaliza khalirani zidendene, mphumi igunde pamphasa, manja atatambasuka kutsogolo. Khalani choncho mukupuma ka 5.

Njira imeneyi ndi yabwino kwa amene aweramira khasu, mtondo kapena makina osokera tsiku lonse.

Njira yachitatu: kukunga ndi kumasula

Iyi ndi njira ya Dokotala Jacobson uja. Ambiri a ife sitidziwa kuti takunga thupi mpaka titalimasula.

1. Fumbatani zibakera mwamphamvu, werengani mpaka 5, kenaka masulani. Imvani kusiyana kwake.
2. Kwezani mapewa mpaka afike ku makutu, werengani mpaka 5, agwetseni.
3. Tsinzinani mwamphamvu ndi kukwinya nkhope, kenaka masulani. Nsagwada zilekane pang'ono.
4. Chitani chimodzimodzi ndi mimba, ntchafu ndi mapazi.

Musagwire mpweya pokunga. Pitirizani kupuma.

Njira yachinayi: kugona phee

1. Gonani chagada, miyendo itatalikirana pang'ono, manja m'mbali.
2. Ngati msana ukupweteka, pindani chitenje kapena bulangete ndi kuika kunsi kwa mawondo.
3. Tsinzinani. Yendetsani maganizo kuyambira ku zala za kumapazi mpaka kumutu, chiwalo chilichonse mukuchilekerera kuti chilemere pamphasa.
4. Khalani choncho mphindi 5. Podzuka yambani mwatembenukira chammbali, osadzambatuka.

NTHAWI IPEZEKA KUTI?

Wina anena kuti, "Zimenezo n'za anthu a m'maofesi. Ife nthawi tiitenga kuti?" Tsiku limodzi lili ndi mphindi 1,440. Ife tikupempha mphindi 10 zokha. Mlimi wanzeru amaima n'kunola chikwanje chake, ndipo palibe amene amamunena kuti ndi waulesi. Amadziwa kuti chikwanje chobuntha chimatha mphamvu za mwini wake.

Njira yoyamba mungaichite paliponse: podikira madzi a nsima kuti awire, pamzere wa ku chigayo, m'minibasi, ngakhale pamsika makasitomala akatalikira. Njira yachiwiri ndi yabwino m'mawa kapena poweruka ku munda. Yachitatu ndi yachinayi ndi za nthawi yogona. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposerapo, choncho foni ndi wailesi zizipumanso nthawi imeneyi.

Musayembekezere kusintha tsiku limodzi. Kumbukirani mmene munayambira kuwerenga. Tsiku loyamba pensulo inkaterereka m'manja, ndipo zilembo zinkaoneka ngati mapazi a nkhuku. Lero mukuwerenga kabuku kano. Kupuma nakonso ndi luso lochita kuphunzira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

CHENJEZO

1. Njira izi si mankhwala. Ngati a chipatala anakupatsani mankhwala a BP, a shuga kapena ena aliwonse, musasiye kumwa.
2. Mukamva ululu kapena chizungulire, lekani. Kuwongola thupi sikuyenera kupweteka.
3. Amayi oyembekezera, makamaka mimba ikakula, asagone chagada nthawi yaitali. Agone chammbali, ndipo ayambe afunsa a chipatala.
4. Amene anavulala msana kapena mawondo, kapena anachitidwa opaleshoni posachedwa, ayambenso afunsa a chipatala.
5. Kupweteka kwa pachifuwa, kubanika, kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi si nkhani ya mphasa. Thamangirani ku chipatala.
6. Ngati mwakhala wokhumudwa kwa masabata awiri kapena kuposerapo, osafuna kudya kapena kucheza, kapena mukuganiza zodzipha, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani ku chipatala. Amenewa ndi matenda ngati ena onse, ndipo chithandizo chilipo.

Abambo, phunziro ili ndi lanunso. Ambiri mukatopa mumathawira ku mowa ndi fodya. Mowa umagonetsa msanga, koma tulo take si tabwino, ndipo m'mawa nkhawa ija imakhala ilipobe, ndalama zitapita.

MAYI UJA ZINAMUTHERA BWANJI?

Patapita mwezi umodzi, achemwali aja anamupeza mng'ono wawo akupeta mphale pakhonde.

"Nanga zikuyenda bwanji, mng'ono wanga?"

"Achemwali, ngongole ija ilipobe. Kupuma sikunandibwezere ngakhale tambala imodzi."

"Ndinakuuza kuti kubweza?"

"Ayi, simunatero. Koma tulo ndikupezako tsopano. Ndipo usiku wina nditakhazika mtima pansi, ndinaona kuti ndikusenza ndekha katundu wa anthu asanu ndi mmodzi. Ndinakambirana ndi bambo a kunyumba. Tsopano madzi a m'mawa akutunga ndi iwo panjinga, ndipo anyamata awiri aja akutsuka mbale."

"Mutu umodzi susenza denga. Nanga mwana uja?"

"Dzana anaswa kapu. Ndinamva moto uja ukukwera pachifuwa. Ndinatuluka panja, n'kupuma ka 10 monga munandiphunzitsira. Pobwera ndinamupeza atabisala kuseri kwa chitseko, akunjenjemera. Ndinamuuza kuti, 'Bwera mwanawe, tenga tsache tisese.' Anandiyang'ana nthawi yaitali asanasunthe. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti mwana wanga ankandiopa."

"Ndiye ukapitirize. Mantha a mwana satha tsiku limodzi."

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. N'chifukwa chiyani mayi uja ankasowa tulo ngakhale anali wotopa?
2. Kodi nkhawa ikufanana bwanji ndi njoka? Nanga ikusiyana nayo bwanji?
3. Yoga inachokera ku dziko liti, ndipo mawuwa amatanthauza chiyani?
4. Tchulani zizindikiro zitatu zofunika kuthamangira nazo ku chipatala.
5. Kwanu ntchito za pakhomo mumagawana bwanji? Ndani amadzuka poyamba, ndipo ndani amagona pomaliza?

ZOTI TICHITE

1. Khalani awiriawiri. Wina awerenge mokweza njira yoyamba, mnzake azichita. Kenaka sinthanani.
2. Lembani m'kope mwanu ntchito zonse zimene munagwira dzulo, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Chongani malo awiri pamene mukanapezapo mphindi 5 zopuma.
3. Jambulani mabokosi 7, limodzi la tsiku lililonse la sabata ino. Tsiku limene mwayesa njira imodzi, ikani chizindikiro m'bokosi. Mudzabwere ndi kope lanu tikadzakumananso.