Malamulo ambiri pamzere umodzi

Kalata yoyamba pa pulogalamu ya pa wailesi ya zamakompyuta sabata ino inachokera kwa mnyamata wina wa ku Mzuzu amene amasamala seva ya MySQL kuntchito kwawo. M'mawa uliwonse amalemba malamulo atatu, limodzilimodzi, ndipo lililonse limamufunsa pasiwedi. Watopa nazo.

Mayi katswiri amene anali mu situdiyo sanachedwe nalo funsoli. Anati chida cha mysqladmin chimalandira malamulo angapo nthawi imodzi, ndipo anawerenga mwachifatse kuti omvera alembe: mysqladmin -u root -p status processlist version. Pasiwedi mulemba kamodzi, mayankho abwera atatu motsatizana: nthawi imene seva yakhala ikuyaka, anthu amene alumikizidwa pano, ndi mtundu wa MySQL umene muli nawo. Akachuluka malamulo a SQL, aikeni m'fayilo, lililonse lithere ndi semicolon, kenako mulembe mysql sukulu < ntchito.sql (sukulu ndi dzina la database, ntchito.sql ndi fayiloyo).

Pamene anakhalitsa ndi pa kalata yachiwiri. Bambo wina wa ku Zomba amagwiritsa ntchito PostgreSQL, database imene DHIS2 ya ziwerengero za zaumoyo imadalira. Anayendetsa fayilo ya mizere 20 ndi psql -f. Mzere wa 7 unalephera, koma yotsalayo inapitirira, n'kusiya ntchito yophikaphika.

“Pepani bambo, koma psql ndi mmene ilili,” anatero mayiwo. “Ikapunthwa siima, pokhapokha mutaiuza.” Mankhwala ake ndi kuwonjezera -v ON_ERROR_STOP=1 kuti iime pa cholakwika choyamba, komanso --single-transaction kuti zonse zichitikire pamodzi kapena zisachitike n'komwe. Kuno kwathu, kumene magetsi angazime ntchito ili pakati, zimenezi n'zofunika zedi: zimene sizinamalizidwe zimatayidwa seva ikayakanso. Anachenjeza kuti VACUUM ndi CREATE DATABASE sizilola kulowa m'mtolo wotero, zimafuna kuyenda pazokha.

Wowulutsa mawu anafunsa ngati MySQL imachitanso chimodzimodzi. Ayi ndithu. Poyendetsa fayilo mwanjira ija, mysql imaima yokha pa cholakwika choyamba, kupatula mukaika --force. Koma msampha wake uli pena: malamulo monga CREATE TABLE, ALTER TABLE ndi DROP TABLE amatsekera pompo zimene zachitika, ndipo ROLLBACK siingawabweze. PostgreSQL imatha kubweza ambiri mwa amenewa. Apa mawu a mayiwo anakwera pang'ono, ndipo m'pomveka, chifukwa tebulo la malipiro a ana asukulu likafufutika, amene amavutika ndi makolo amene anataya malisiti. Anati munthu asanayendetse fayilo iliyonse yokhala ndi DROP, ayambe wasunga kope ndi mysqldump.

Funso lotsiriza linali la mayi wa ku Lilongwe amene akufuna kuti cron iziyendetsa ntchitoyi usiku, iye ali mtulo. Pasiwedi ailembe pati? Osati pamzere wa lamulo, anayankha katswiriyo, poti imatsala m'mbiri ya shell ndipo ena angaione. Ya MySQL ikhale mu fayilo ya .my.cnf, ya PostgreSQL mu .pgpass, zonse zotsekedwa ndi chmod 600. Pa Linux, .pgpass ikakhala yotsegukira ena, psql imaikana osaiwerenga.