NTCHITO IKATHA, MOYO USATHERE POMWEPO

Kuwerenga: 1 Mafumu 19:1-21

M'dziko lathu lino ndi mabanja ochepa amene sanalawepo kuwawa kwa kuchotsedwa ntchito. Achikulire akumbukira kutsekedwa kwa Zambia Airways mu 1994, ndiponso kugulitsidwa kwa migodi ya ZCCM kumene kunatsirizika mu 2000, pamene ambiri anabwerera kunyumba ndi kalata m'manja. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, koma ana athu ena ophunzira bwino sanapeze maina awo. Wina anam'dumpha pokweza anthu pantchito, wina kantemba kake kanagwa. Pa nthawi zotere mayi amasamala za aliyense, naiwala thupi lake ndi mtima wake. Tiyeni tione mmene Mulungu anachitira ndi mtumiki wake Eliya.

1. Mulungu anayamba ndi thupi

Eliya anali atangopambana aneneri a Baala pa phiri la Karimeli. M'malo moyamikiridwa, analandira uthenga wa Yezebeli womuopseza kuti aphedwa. Anathawira ku Beereseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, nayenda yekha tsiku lathunthu m'chipululu, nakhala pansi pa mtengo n'kupempha imfa. Taonani, Mulungu sanam'dzudzule. Anam'lola kugona, ndipo mngelo anam'dzutsa kawiri kuti adye mkate ndi kumwa madzi.

Amayi, kusamala thupi si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndalama zikachepa musamagone ndi njala masiku onse kuti ena akhute. Nsima ndi nyemba, kapenta, chibwabwa chotendera kapena bondwe ndi chakudya chokwanira kulimbitsa thupi. Chepetsani mchere, usapitirire supuni yaing'ono imodzi patsiku. Yesetsani kugona maola 7 kapena 8, ndi kuyenda ndawala mphindi 30 masiku ambiri a pasabata. Pitani kukiliniki mukapimitse BP ndi shuga, pakuti BP imakwera mwakachetechete. Ikamafika pa 140/90 kapena kupitirira, tsatirani malangizo a anamwino. Amene muli pa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, musawasiye chifukwa cha kukhumudwa, ndipo funsani kuchipatala musanayambe kusala kudya.

2. Mulungu anamvetsera madandaulo

Pa phiri la Horebu, Mulungu anafunsa Eliya kawiri chimene anali kuchita kumeneko, ndipo kawiri konse Eliya anakhuthula za kumtima kwake. Iye anaganiza kuti watsala yekha, koma Mulungu anam'dziwitsa kuti m'Israyeli munali anthu 7,000 osagwadira Baala. Chisoni chimatinamiza chotero. Chimatiuza kuti ndife achabechabe, ndi kuti anzathu atiseka tikalowa m'tchalitchi. Ambiri amaleka kubwera ku Chigwirizano chifukwa cha manyazi kapena kusowa chopereka, pa nthawi imene akufunikira abale kwambiri.

Kulira masiku angapo ndi chibadwa. Koma ngati papita masabata awiri kapena kuposa mukusowa tulo, chakudya sichikoma, zimene munkakondwera nazo sizikusangalatsaninso, kapena mukuganiza zodzipha, amenewo ndi matenda ofunika chithandizo. Si ufiti ayi, ndipo si tchimo. Uzani abusa, amayi abusa kapena mnzanu wosunga chinsinsi, ndipo pitani kuchipatala. Za kudzipha musagone nazo, nenani tsiku lomwelo. Pemphero ndi chipatala sizitsutsana, pakuti nzeru za madokotala n'zochokera kwa Mulungu yemweyo.

3. Mulungu anam'patsa ntchito ina ndi mnzake

Eliya atadya, atapumula ndi kulankhula, m'pamene Mulungu anam'tuma kukadzoza Hazaeli, Yehu ndi Elisa. Dongosolo limeneli ndi lofunika. Musapange chiganizo chachikulu mtima ukadali m'mwamba. Ndalama za penshoni zatha m'manja mwa ambiri chifukwa cha bizinesi yoyamba mothamanga, ndipo ena agwidwa ndi kaloba mpaka kulandidwa katundu wa m'nyumba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi ndi a m'banja mwanu, lembani zimene muli nazo ndi ngongole zanu, ndipo auzeni ana zoona. Yambani ndi chaching'ono chimene manja anu adziwa, monga kusoka, dimba, nkhuku kapena kuphunzitsa ana madzulo, uku mukupitiriza kulemba makalata ofunsira ntchito. Chilimba lowani ndi anthu okhawo amene muwadziwa bwino.

Eliya sanayendenso yekha, pakuti Elisa anam'tsata nam'tumikira. Inunso funani Elisa wanu. Ndipo inu amene zinthu zikukuyenderani lero, kumbukirani mngelo uja: sanabwere ndi mafunso, anabwera ndi mkate ndi madzi.

Mafunso okambirana

(a) N'chifukwa chiyani Mulungu anadyetsa Eliya asanalankhule naye?

(b) Ndi mawu otani amene timalasa nawo mnzathu wochotsedwa ntchito mosadziwa?

(c) Ndani mu mpingo wathu amene wasiya kuoneka, ndipo ndani wa ife akamuyendere sabata ino?

Pemphero

Atate wathu wachifundo, Inu amene munadyetsa Eliya m'chipululu, limbitsani matupi ndi mitima ya ana anu amene ntchito zawathera. Tiphunzitseni kunyamulirana zothodwetsa, m'dzina la Yesu Khristu. Amen.