Mphwanga, usadziyeretse pa mayeso a upolisi

Mayi ako andiuza kuti zothamanga ndi zolemba wadutsa, chatsala ndi mayeso opima khalidwe. Tsono tamvera amalume ako.

Ku America kumene uliko anayamba kalekale kusakhulupirira minofu yokha. Mu 1916 Lewis Terman anayesa nzeru za ofuna upolisi ku San Jose. Lero nthambi zambiri za polisi zimagwiritsa ntchito mayeso otchedwa MMPI, amene anatuluka mu 1943 ku yunivesite ya Minnesota. Poyamba anawakonzera odwala maganizo m'chipatala, n'chifukwa chake mafunso ena adzakudabwitsa. Anawakonzanso: a mu 1989 ali ndi ziganizo 567, a mu 2020 ali ndi 335, ndipo iwe uzingoyankha kuti zoona kapena zabodza.

Anyamata ambiri amagwera pofuna kuoneka angelo. Pakati pa ziganizozo anamwazamo dala zofunsa tizolakwa tomwe munthu aliyense ali nato: kupsa mtima nthawi zina, kamiseche, kusiyira mawa ntchito ya lero. Ukakana zonsezo, woonayo sadzati wapeza mnyamata wabwino. Adzati uyu akubisa, ndiye akubisanso chiyani? Ziganizo zina zimabweranso zitasintha mawu, kuti aone ngati ukudzitsutsa. Bodza la funso loyamba sungalikumbukire pofika la 300, makamaka utatopa. Yankha zimene zili, ndipo usachedwe pa chiganizo chimodzi kufufuza chimene akufuna kumva.

Ine sindiwayesa mlosi mayesowa. Amathandiza kuchotsa wa mkwiyo wosaugwira ndi wosamva malamulo asanamupatse mfuti, koma kuloza amene adzakhale wapolisi wabwino kumawavuta. Kusukulu ya upolisi chimene chimanyamula munthu kwambiri ndi mutu wogwira malamulo a m'mabuku, kuphatikizapo khalidwe lofika nthawi yake ndi lomaliza chimene wayamba. Zimenezo sungaziphunzire usiku umodzi.

Chinanso. Iwe unakulira kwathu kuno, kumene nkhani za mizimu ndi ufiti timakamba poyera osatengedwa amisala. Mafunsowo analembedwa ndi anthu a chikhalidwe china, ndipo ena amakhudza zomwezo. Ukamaliza kulemba udzakhala pansi ndi katswiri wa zamaganizo. Akakufunsa za yankho lotere, usachite manyazi ngati pamaso pa apongozi. Muuze kumene unakulira, umufotokozere chimene umatanthauza, ndipo ngati Chingerezi cha chiganizo china chinakusokoneza, unene pomwepo.